Nyumba ya M'thumba

Magetsi abwera leveni koloko usiku
ngati bambo woledzera, osapepesa n'komwe.
Mbare yense wadzuka. Uyo akusita, uyo akuwotcherera geti,
ine ndayatsa laputopu yobwereka kwa Tendekai
n'kubaya m'nthiti mwake kafulashi kofiira
komwe ndinagula pa Copacabana chaka chatha,
madola anayi, chenji anandipatsa maswiti.

Dongosolo loyendetsa kompyuta ndinalitsitsa movutikira,
masiku atatu, pa intaneti ya kuntchito kwa msuweni,
likuduka ngati ulusi wa malaya a pakaunjika.
Ndiyerekeze kaye chidindo chake,
mzere wautali wa zilembo zopanda fuko.
Chimodzi chikasiyana, lonselo ndi dzira lowola.
Zagwirizana.

Tsono makina akundichenjeza:
zonse zili muno zifufutika. Watsimikiza?
Muli makalata ofunsira ntchito khumi ndi awiri,
ngakhale imodzi yoyankhidwa,
muli chithunzi cha Rumbidzai asanapite ku Joni.
Chala chaima m'malere pang'ono.
Inde.

Malo ndikugawa monga tigawira chipinda ku Matapi,
ndi katani.
Uku kugone dongosolo,
uku kutsale poti lizikumbukira,
kuti likazulidwa lisamadzuke ngati mlendo
wofunsanso dzina langa m'mawa uliwonse.

Masewera ndataya, alemera chabe.
Ndalongedza kachida kovuula mafayilo omira,
ndi kena konyengerera mapulinta okalamba
omwe amatsokomola asanalavule pepala.

Chinenero? Mndandanda ukutsika, ukutsika,
ndadutsa Chikatalani, ndadutsa Chitchaina,
chathu palibe.
Nthawi? Pamapu pali kadontho ka Harare,
chakumanja kadontho ka Blantyre,
ola lake limodzimodzi.
Ndasankha Harare. Ndiko kuli lendi.
Koma pakiyibodi ndabisa kanga:
batani lina losagwira ntchito ndaliphunzitsa kulemba ŵ,
w wovala chipewa,
kuti dziko lolembedwa pachitupa cha agogo
lisayende mutu uli pamtunda.

Agogo Sandifolo anabwera wapansi, kudzera ku Tete,
bulangete, supuni, ndi dzina lomwe kalaliki analilemba mokhota.
Zaka makumi atatu akuphika m'makhitchini a ku Avondale.
Ankalowera khomo lakumbuyo,
kudzutsa nyumba yonse, moto, madzi, tiyi,
madzulo n'kutuluka osasiya ngakhale chidindo cha chala pagalasi.
Kwawo ankawatcha mtchona, kuno mubwidi.
Ine ndikuyang'ana kanthu kofiira aka, kotalika ngati chala changa,
kodzalowa m'makina a eni ake,
kuwadzutsa, kuwagwirira ntchito, n'kutuluka,
ndipo ndikuwadziwa mayendedwe ake.

Kamzere kobiriwira kakukwawa.
Sikisite. Seventefolo.
Panja galu akukangana ndi chigubu.
Pa nayintefaifi babu laphethira kawiri, lazima.
Mbare yense wabuula pamodzi.
Batire latsala ndi mphindi khumi ndi zinayi,
ndipo sindipuma, kuopa kulithera mpweya.

Latha kulemba.
Ndazimitsa, ndayatsanso,
ndikugogoda F12 ngati wangongole pakhomo.
Mdima. Kadontho koyera kakuphethira pakona.
Kenako zilembo zikutsika ngati ngumbi,
ndipo chipinda chonse chawala ndi nkhope yanga.

Mawa ndikwera kombi ya ku Mufakose.
Mayi Nachisale, mlembi wa bungwe lathu la maliro,
kompyuta yawo inakomoka Lachiwiri
itameza mayina mazana atatu
a anthu osonkha mwezi ndi mwezi
kuti asadzaikidwe ngati opanda abale.
Ndikalowera khomo lakumbuyo.
Ndikawatulutsa mmodzimmodzi.

Ndagwira kafulashi kuti ndizule,
makina akuti dikira,
zina zikulembedwabe mkati,
ukazula msanga chimatsala chobenthuka.

Ndadikira.
Kakutentha pang'ono m'manja,
ngati kanthu kamoyo.